Dzina la Atate pa Mndandanda wa Osowa

Kwathu ku Mnkhanya chaka cha 1992 sitichitchula ndi nambala. Timangoti chaka cha chimanga chachikasu. Kusukulu amati chaka chili ndi miyezi twelufu, koma chimenecho ine ndinachiwerenga ndekha, miyezi yake inapitirira, ndipo yomalizirayo inkachita kukwawa. Ndinali mu Giredi naini. Dzina langa ndine Esinati, mwana woyamba wa a Sakala, amene anagwirapo ntchito yophika ku kampu ya alendo ku Mfuwe asanabwerere kukhasu. Pamudzi ndinali wodziwika kale. Ndine amene ndinaika buluzi wakufa m'chipewa cha mlaliki, ndipo ndine amene ndinamangirira belu la sukulu m'khosi mwa mbuzi. Zonsezo sindinapepese. Chimene ndikulemba panochi sindinapepesenso, ngakhale amai mpaka lero amati ndicho chinatigoneka ndi njala.

Novembala ndi Disembala

Mvula inayamba bwino ndipo tinabzala msanga, chifukwa atate sankafuna kuti wina aliyense awatsogolere. Chaka cham'mbuyo tinali titakolola kwambiri, moti nkhokwe yathu inali ikadali yodzaza kupitirira theka. Nkhokweyo atate anaimanga dala m'mphepete mwa njira yopita kumjigo, kuti aliyense wodutsa ndi ndowa aione.

Atate anali ndi luso limodzi: tsoka lililonse logwera munthu ankalipezera chifukwa chake tsiku lomwelo. Wina akalumidwa ndi njoka, ankati amayenda opanda nsapato. Ng'ona ikagwira msodzi, ankati anali ataledzera. Nyumba ikapsa, mkazi wake ndi wosasamala. Akatero ankapumira m'mwamba ngati munthu amene watseka chitseko n'kuikapo mpiringidzo.

Januwale ndi Febuluwale

Chapakati pa Januwale mvula inangodula. Poyamba tinakondwa, tinati tipalire bwino. Sabata yachiwiri masamba a chimanga anayamba kupindika masana n'kutambasuka madzulo. Sabata yachinayi analeka kutambasuka. Mitambo inkabwera kuchokera kumapiri, n'kuima pamwamba pathu, n'kupita kwina.

Wailesi ya atate inkanena za chilala m'dziko lonse. Aliyense pamudzi anali ndi chifukwa chake chokhalira mtima pansi. A Mbewe, mkulu wa mpingo wathu, ankati njala ndi ya anthu akumtunda, ife kuchigwa tili ndi mitsinje. Amai ankati Mulungu sangataye anthu osaphonya mapemphero. Atate ankaloza munda wa amake Lazaro, mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu amene anabzala mochedwa chifukwa ankadwazika mwana.

"Mwaona?" ankatero atate. "Njala imayambira m'minda ngati imeneyo."

Munda wathu unali pomwepo pambali, wouma chimodzimodzi. Ine ndinafunsa kuti, "Nanga wathuwu, atate, ukungoyerekeza?" Anandigenda ndi chibuma.

Epulo

Tinakolola madengu asanu m'munda umene unkatipatsa madengu osawerengeka. Zitsononkho zake zinali zazifupi ngati chala, njere zotalikirana ngati mano a nkhalamba. Mabanja ena sanapite n'komwe kukakolola. Atate anathira madengu asanuwo pamwamba pa chimanga chakale, n'kuzungulira nkhokwe akuimenya ndi chikhatho.

"Ichi chitifikitsa Malichi," anatero. Ndipo sankanama. Chikanatifikitsa.

Juni

Tinamva kuti kukubwera chimanga cha thandizo, chachikasu, chochokera kunja. Mphekesera zinafika chisanafike chimangacho. Ena ankati kwawoko n'chakudya cha ng'ombe ndi nkhuku. Ena ankati mwamuna akachidya sabereka. Komabe anthu ankafunsana kuti kalembera ayamba liti.

M'dera lathu olemba maina anali a Mbewe. Maso awo anali ofooka ndipo magalasi anali atathyoka, choncho anandiitana.

"Iwe mwana wa a Sakala, akuti dzanja lako ndi labwino. Bwera utilembere. Koma zako zija usiye kunyumba."

"Zanga ziti, a Mbewe?"

Tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba tsiku lonse. Munthu ankatchula dzina, ana ake, ndi vuto lake, ine n'kumalemba. Pomaliza panatsala mzere umodzi pansi pa pepala, woyera bwino. Ndinauyang'ana, nawonso unandiyang'ana. Dzanja linalemba lokha.

Dongosolo lake linali lakuti maina onse aziwerengedwa pagulu Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, kuti pasalowe munthu wonama. Akatchula dzina, a Mbewe ankafunsa kuti, "Kodi ameneyu ndi wosowa?" ndipo anthu ankayankha kuti inde kapena ayi. Tsikulo a Mbewe anabwereka magalasi a munthu wina, ndipo ankawerenga liwu limodzilimodzi osaona chimene chikubwera kutsogolo.

"Womaliza. Sa-ka-la, atate ake Esinati. Nkhalamba yosowa pogwira. Ana asanu. Ilibe nkhokwe. Imadya... mphepo." Anakweza mutu mwa chizolowezi. "Kodi ameneyu ndi wosowa?"

Anthu anafa nako kuseka. Amayi ena anagwirana mapewa, anyamata kumbuyo ankafuula kuti, "Inde! Wosowa kwambiri!" Ine ndinali kuseri kwa azimayi a kwaya, nditaluma chitenje.

Atate anaimirira atavala jekete lawo la kukampu. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kulanda cholembera m'thumba la malaya a a Mbewe, ndipo anafafaniza dzinalo mwamphamvu mpaka pepala linabooka.

"Mverani nonse," anatero. "Pepala ili ndi la anthu amene amabzala Khirisimasi itadutsa, monga amake Lazaro awa. Ine Sakala sindidya chakudya cha nkhuku za eni. Tsiku limene mudzandione pa mzere umenewu, mudzandilavulire."

Amake Lazaro anangokonza mpango wawo.

Kunyumba lamba anagwira ntchito yake, koma ndinkati ndikakumbukira mawu a a Mbewe akuti "mphepo", kulira kunkasanduka kuseka, ndipo atate ankawonjezera. Ndiyenera kunena chinthu chimodzi apa. Ine ndinkaseka atate chifukwa chodziona ngati tsoka siliwadziwa, koma nthabwala yangayo inali yokoma chifukwa nanenso ndinkadziwa kuti n'zosatheka. Sakala pa mndandanda wa osowa! Ndikanakhala ndi kamantha ngakhale kakang'ono kuti zingatheke, sindikanalemba. Matendawo tinali nawo banja lonse.

Seputembala

Kunatentha mpaka mitsinje inasanduka misewu ya mchenga. Madzi tinkakumba pakati pa mtsinje wa Lupande. Nyama nazo zinali ndi njala yake. Anthu ochokera ku Kakumbi ankanena kuti njovu zaleka kusaka m'minda, tsopano zikulowa m'midzi n'kumagwetsa nkhokwe.

Amene anali ndi kachimanga pamudzi pathu anayamba kukonola n'kuika m'matumba, n'kulowetsa m'nyumba. Amai anayesa kulankhula.

"Atate ake Esinati, tikonole nafenso. Ana alipo, masiku awiri titha."

"A ku Kakumbi anamanga m'njira ya njovu, ndiye akudabwa chiyani? Zaka twente ndili pano, munaonapo njovu pabwalo panga?"

"Chilala chotere munachionapo?"

"Chimanga chobisa pansi pa bedi ndi cha wakuba. Changa chikhala poonekera."

Kumapeto kwa mwezi kunagwa maliro ku Jumbe, atate ndi amai anapita masiku atatu, ndipo ana tinkakagona kwa azakhali kutsidya kwa mudzi. Mmawa wachiwiri ndinabwera kudzatsegulira nkhuku. Nkhokwe inali itagona chammbali, denga lake lili uko pafupi ndi njira, nsichi zitazulidwa. Pabwalo ponse panali mapazi aakulu ngati lichero ndi milu ya ndowe. Nkhuku nditazitsegulira zinathamangira ndowezo, chifukwa zinali zodzaza njere zathu.

Ine ndi ang'ono anga tinatola m'fumbi tsiku lonse. Tinapeza madengu atatu.

Atate atafika anaima pamalopo nthawi yaitali, njinga ili m'manja. Anansi anabwera mmodzimmodzi. "Mwaswera bwanji, a Sakala? Pepani ndi zimenezi." Akafika pa njira ya kumjigo ndinkawamva ndithu: "Nkhokwe kumanga panjira? Anauzidwa kuti akonole. Matama." Aliyense ankapita kwawo mtima uli m'malo, atapeza chimene ife tinalakwa. Ndinazindikira kapumidwe kawo. Kanali ka atate.

Novembala ndi Disembala

Madengu atatu aja anatha Okutobala asanathe. Wailesi inapita kwa wamalonda wa ku Chipata, tinalandira matini awiri a chimanga. Njinga itapita patangodutsa masabata atatu, inabweretsanso matini awiri okha, ndipo imodzi atate anaisunga kuti ikhale mbewu. Tinayamba kudya kamodzi, dzuwa likapendeka. Mango anali asanapse, choncho tinkawaphika osapsa omwewo, ndipo mano ankachita dzanzi mpaka kuopa mphepo. Ufa wa malambe tinkauviika m'madzi n'kumautcha phala.

Mwezi uliwonse lole ya chimanga cha thandizo inkabwera pasukulu. Amene anali pa mndandanda ankakonza msewu masiku angapo n'kulandira gawo lawo. Ankadutsa pakhomo pathu atasenza. Palibe mwamuna amene anafunsanso zakuti sadzabereka.

Amai anayamba kupita kwa amake Lazaro kukawasinjira chimanga chachikasu, malipiro ake gaga. Ankatuluka cha kuseri kwa nyumba. Gagayo ankaphika phala, ndipo atate ankalimwa maso ali kudenga.

"Atate," ndinatero tsiku lina, "phala la lero laoneka ngati lapsa ndi dzuwa. Kapena ndi maso anga?"

"Idya."

"Nkhuku zikuyang'ana ngati tawalanda."

Sanagende. Sanatenge lamba. Anangoika supuni pansi n'kutuluka. Kunena zoona nthabwala imakoma munthu akakhala ndi mphamvu yokuthamangitsa.

Mvula inabwera ndipo tinabzala. Khasu linkalemera kuposa chaka chatha. Tinkalima mizere itatu n'kukhala pansi, kulima itatu n'kukhala pansi. Kusukulu tinkalemba mayeso theka la kalasi likugona pamadesiki, ndipo aphunzitsi analeka kutidzutsa.

Mng'ono wanga womaliza, Tikambenji, amene tinkangomuti Tika, anali ndi zaka zinayi. Tsitsi lake linayamba kufiira n'kuwongoka, mapazi n'kutupa. Analeka kulira, analeka kunditsatira. Kukiliniki namwino anadina phazi lake ndi chala, dzenje n'kutsala pomwepo. Anauza amai kuti mankhwala a zimenezi ndi chakudya.

Pobwerera amai anaima panjira, Tika ali kumbuyo.

"Ukudziwa kuti ndiwe, Esinati?"

"Ndine njovu ine?"

"Usandiyankhe choncho. Atate ako ndimawadziwa. Ukanapanda kuwachititsa manyazi, bwenzi nkhokwe itangogwa atapita kwa a Mbewe mwakachetechete. Pano apita bwanji, atalumbira pamaso pa mpingo wonse?"

"Amai, ine ndinalemba dzina. Anafafaniza ndi eni ake. Akanangoseka nawo, bwenzi tikudya kuyambira Julayi."

"Pakamwa pako ndi pa atate ako mpamodzi," anatero amai. Anakweza Tika bwino, tinapitiriza ulendo. Mpaka lero ndimati ndinalondola. Amai nawonso amati analondola. Mwana anali yemweyo kumbuyo.

Januwale

Kunabwera uthenga wakuti alembanso maina a anthu amene anatsala, chifukwa mabanja ambiri amene mu Juni ankadziona kuti ali bwino anali atagwa. Amai anangotenga Tika n'kumukhazika pamiyendo pa atate, n'kupita kumunda. Atate anakhala naye mmawa wonse, akuyang'ana mapazi aja. Masana anavala jekete, limene tsopano linkawalendewera m'mapewa, n'kupita kwa a Mbewe. Ine ndinawatsatira patali.

A Mbewe atandiona anakumbatira mapepala. "Uyo asayandikire."

"Lembani dzina langa," anatero atate. "Koma pa chifukwa mulembe kuti njovu. Musalembe kuti njala. Ine ndinalima, ndinakolola. Zanga n'zosiyana ndi za enawa."

"A Sakala, aliyense amene wakhala pampando umenewo lero wandiuza kuti zake n'zosiyana."

"Ndiye simungawerenge dzina langa chamumtima?"

"Mukudziwa dongosolo. Onse amawerengedwa pagulu."

Lamlungu linafika. Anthu anali ochepa thupi, ndipo palibe amene ankaseka mwachisawawa ngati mu Juni. A Mbewe anawerenga maina, anthu n'kumayankha inde motopa. Kenako anati, "Sakala, atate ake Esinati. Ana asanu. Kodi ameneyu ndi wosowa?"

Atate anaimirira ngakhale sanauzidwe kutero, manja ali kumbuyo. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti, "Tiyambe kulavula?" Ena anaseka pang'ono. Bambo wina anati, "Malo ndi ochepa. Iwowa anakana okha, tonse tinamva." Ambiri anang'ung'udza movomereza. Amai anawerama. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinafunafuna chonena m'mutu osapeza.

Amake Lazaro analankhula ali chikhalire.

"A Sakala ngati ali osowa kapena ayi, ine sindidziwa, afunseni okha. Malovu ndilibe otaya, ndi ludzu lomweli. Koma kamwana kaja ndakaona mapazi. Lembani, a Mbewe, tizipita. Dzuwa latentha."

Wina anati inde, kenako wina, kenako angapo. Sanali onse. A Mbewe anachonga.

Pobwerera atate anati, "Mayi uja amalankhula kwambiri."

Febuluwale

Dzina linalowa, koma chimanga sichinabwere. Mvula imene tinkailirira chaka chatha inagwa yonse pamodzi. Lupande inadzaza, dothi lakuda la kwathu linasanduka phala, ndipo lole inatitimira kwina cha ku Jumbe. Sabata iliyonse kunkamveka kuti ifika Lachisanu. Tinkapita pasukulu ndi thumba lopanda kanthu, kukhala mpaka fotini awazi, dzuwa litapendeka, n'kubwerera nalo lopindidwa m'khwapa.

Tinkadya nkhwani wopanda chotsagana nacho, bowa, ndi timaungu tosakhwima timene amai ankathyola akupepesa. Masiku ena amake Lazaro ankatumiza kapu ya ufa, n'kunena momveka kuti ndi ya Tika yekha. Ine ndinkaphika phalalo ndipo ndinkanyambita mthiko. Zimenezonso sindipepesa. Tika sanachire, koma sanapitirirenso. M'munda chimanga chinamasula ngaiyaye, ndipo tinkapita kukachiyang'ana ngati kuyang'ana kungachifulumizitse.

Malichi

Lole inafika sabata yoyamba ya Malichi, matope mpaka m'magalasi. Chimanga cham'munda chinali chitatsala masabata awiri kuti tiyambe kuotcha. Ena anganene kuti thandizolo linachedwa moti linalibenso ntchito. Amenewo sanawerengepo masabata awiri ndi mimba.

Tinapita awiri, ine ndi atate. Anaima pa mzere, maso ali pa nsapato zawo. Dzina litaitanidwa anasaina, n'kutipatsa theka la thumba. Atate analiyang'ana, kenako anandiyang'ana.

"Unaiyamba ndiwe nkhaniyi. Senza. Tidzera njira ya kutchire."

Anandisenzetsa, n'kutsogola. Pamphambano iwo anakhotera kutchire. Ine ndinalunjika msewu wapakati pa mudzi.

"Esinati! Iwe Esinati!"

Ndinali nditafika kale pa nyumba zoyamba. "Mwaswera bwanji, amake Jenala! Patukani, chimanga cha a Sakala chikudutsa! Mwaswera bwanji, a Zulu! Chachikasu chenicheni, bwerani muone!" Anthu anatuluka m'makhonde. Kumbuyo ndinkamva mapazi a atate akuyesa kuthamanga.

Ndinafuna kufika nacho mpaka pa mjigo, pamene pamakhala anthu ambiri. Koma miyendo inali ndi maganizo ena. Pafupi ndi nyumba ya a Mbewe m'maso munada, ndipo ndinapezeka nditakhala m'matope, thumba lili pamiyendo. Ndinaligwiritsitsa kuti lisatayike.

Atate anafika akupuma movutikira. Ndinadikira mbama. Anayang'ana thumba, anandiyang'ana ine, anayang'ana anthu m'makhonde. Kenako anavula jekete n'kulipinda ngati nkhata, analiika pamutu, n'kundiuza kuti, "Ndisenzetse."

Ndinawasenzetsa. Njira ya kutchire inali itatsala kumbuyo, ndipo analibe mphamvu yobwerera. Anadutsa pakati pa mudzi, pa mjigo pomwe, njere zachikasu zikuonekera pakamwa pa thumba. Aliyense amene anapereka moni anamuyankha, "Ndaswera, kaya inu," osafulumira. Ine ndinkabwera pambuyo, matope mpaka m'chiuno. Kuseka kunalipo ndithu, ndinkakumva pansi pa nthiti, koma mpweya wokutulutsira ndinalibe. Ndinati ndidzaseka tikadya.